Mafuta a m'magazi mwa ziweto za bere

Mafuta a m'magazi mwa ziweto za bere ndi mafuta amene amayenda m'magazi a nyama yaikazi kuyambira pamene yatenga bere kufikira itaswa. Kuchuluka kwa mafutawa kumasinthasintha. M'miyezi yoyamba ya bere thupi limasunga mafuta, ndipo m'masabata omaliza limawasungunula kuti mayi apezemo mphamvu, pamene shuga wa m'magazi ake akupita kwa mwana amene ali m'mimba. Kusinthaku n'kwachilengedwe ndipo kumachitika mwa nyama zonse zoyamwitsa. Koma kukapitirira muyeso, chiwindi chimadzaza mafuta, magazi amasasa, ndipo mayi amatha kufa pamodzi ndi ana ake. Ku Malawi nkhaniyi imakhudza kwambiri mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe za mkaka, makamaka m'madera monga mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene chakudya cha ziweto chimadalira nyengo komanso nthawi imene minda ili ndi mbewu.

Mitundu ya mafuta

Mafuta sasakanikirana ndi madzi, choncho sangayende okha m'magazi. Amanyamulidwa ndi mapuloteni. Madokotala a ziweto amayang'ana mitundu itatu. Woyamba ndi triglyceride, amene ndi mafuta osungidwa, omwe timawaona kunsi kwa chikopa, kuzungulira impso ndi matumbo, pa linunda la ng'ombe ndi kumchira kwa nkhosa zamakolo. Wachiwiri ndi kolesterolo, amene thupi limamangira maselo ndi kupangira mahomoni ena, kuphatikizapo progesterone, homoni yogwira bere kuti lisachoke. Wachitatu ndi timagawo ta mafuta timene timatuluka mafuta osungidwa aja akamasungunuka. Timagawoti timadziwika ndi chidule choti NEFA, ndipo tikachuluka m'magazi ndiye kuti nyamayo yayamba kudya thupi lake.

Palinso maketoni. Iwowa si mafuta enieni, koma ndi zimene chiwindi chimapanga chikalandira NEFA wochuluka kuposa amene chingathe kumuwotcha mpaka kumapeto. Odziwika kwambiri ndi beta-hydroxybutyrate, mwachidule BHB, komanso acetone. Maketoni ochepa ndi chakudya chabwino cha minofu. Akachuluka amasanduka poizoni.

Magawo awiri a bere

Mbuzi imakhala ndi bere masiku pafupifupi 150, nkhosa masiku pafupifupi 147, ng'ombe masiku pafupifupi 283, nkhumba masiku 114, ndipo bulu amafika miyezi 12. Ngakhale kutalika kwake kumasiyana chonchi, bere la nyama zonsezi lili ndi magawo awiri.

M'gawo loyamba mwana amakhala wamng'ono kwambiri ndipo sadya zambiri. Thupi la mayi limamvera bwino homoni ya insulini, imene imalamula kuti shuga ndi mafuta zilowe m'malo osungira. Nyama ikamadya mokwanira imanenepa. Galamu imodzi ya mafuta imasunga mphamvu zoposa kawiri za galamu imodzi ya shuga, n'chifukwa chake thupi limasankha mafuta kukhala nkhokwe yake.

M'gawo lachiwiri zinthu zimatembenuka. Nsengwa imatulutsa mahomoni amene amachititsa kuti minofu ya mayi isamvere insulini monga kale. Minofuyo imasiya kutenga shuga wambiri, nkhokwe ya mafuta imatsekuka, ndipo mayi amayamba kukhalira mafuta kuti shuga atsalire mwana ndi mawere amene akukonzekera mkaka. Mu 1980 akatswiri a ku America, Dale Bauman ndi Bruce Currie, anafotokoza kachitidwe kameneka ngati thupi lonse kusintha dongosolo lake kuti litumikire ntchito imodzi yofunika kuposa zonse pa nthawiyo. Mwa mbuzi ndi nkhosa, pafupifupi magawo 70 pa 100 a kukula kwa mwana amachitika m'masabata 6 omaliza.

Zimene zimaoneka m'magazi sizifanana mwa nyama zonse. Mwa anthu, triglyceride amakwera kawiri kapena katatu m'miyezi yomaliza ya pakati, ndipo kolesterolo nayenso amakwera. Eldon Boyd wa ku Canada analemba za izi mwatsatanetsatane mu 1934. Makoswe nawo triglyceride wawo amakwera kwambiri akayandikira kuswa. Koma mwa akalulu kolesterolo amatsika, ndipo mwa ng'ombe kolesterolo ndi triglyceride zimatsika ikatsala pang'ono kuswa, pamene NEFA akukwera. Choncho muyeso wa munthu sungagwiritsidwe ntchito poweruza magazi a mbuzi.

Chifukwa chake nyama zobzikula zili pangozi yaikulu

Munthu kapena nkhumba akadya chimanga, matumbo amachisandutsa shuga amene amalowa m'magazi mwachindunji. Mwa mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe sizitero. Chakudya chimayamba chafika m'chifu chachikulu, m'mene tizilombo tosaoneka ndi maso timachifufumitsa n'kuchisandutsa timaasidi titatu: acetate, propionate ndi butyrate. Shuga amene amadutsa osakhudzidwa ndi wochepa kwambiri. Pafupifupi shuga yense wa m'magazi a nyama zobzikula amachita kupangidwa ndi chiwindi, ndipo chopangira chachikulu ndi propionate. Udzu wouma ndi mapesi zimatulutsa acetate wambiri koma propionate wochepa. Madeya ndi msipu wanthete zimatulutsa propionate wochulukirapo.

Apa ndiye pagona vuto. Nsengwa ya nyama zobzikula siilola kuti mafuta ambiri adutse kupita kwa mwana. Mwanayo amakulira shuga ndi timagawo ta mapuloteni, ndipo amatenga gawo lake kaya mayi wadya kaya sanadye. Mwa nkhosa ya bere lalikulu, chiberekero ndi zonse zili m'menemo zimatha kutenga gawo limodzi mwa magawo atatu a shuga yense wa mayi, kapenanso kuposerapo ngati muli mapasa. Mafuta a mayi sangasandulike shuga, kupatula kagawo kakang'ono kotchedwa glycerol. Ndiye ngakhale nyama ikhale yonenepa bwanji, mafuta akewo sangatseke dzenje la shuga.

Pamwamba pa izi, mimba ili ndi malire. Ana akamakula amapanikiza chifu chachikulu, ndipo mayi amadya zochepa pa nthawi imene akufunika zambiri. Nkhosa kapena mbuzi ya mapasa m'masabata omaliza imafuna mphamvu pafupifupi kawiri poyerekeza ndi imene ilibe bere.

Chomaliza ndi chiwindi chenichenicho. NEFA akafika m'chiwindi ali ndi njira zitatu: kuwotchedwa mpaka kutha, kusandutsidwa maketoni, kapena kumangidwanso kukhala triglyceride n'kutumizidwa m'magazi. Chiwindi cha nyama zobzikula n'chaulesi pa njira yachitatuyi. Chimamanga mafutawo koma chimalephera kuwatulutsa msanga, motero amaunjikana m'kati mwake. Chiwindi chodzaza mafuta chimachepa mphamvu yopangira shuga, shuga akachepa mafuta ambiri amasungunuka, ndipo vutolo limadzidyetsa lokha. Wosenda nyama yotere amapeza chiwindi chotupa, chotuwa mwachikasu, chofewa moti chimanyenyeka m'zala.

Nyengo za ku Dowa ndi Ntchisi

Maboma a Dowa ndi Ntchisi ali m'chigawo chapakati, ndipo pa nkhani za ulimi ali pansi pa Kasungu ADD pamodzi ndi Kasungu ndi Mchinji. Kumadzulo kwake, cha ku Mponela ndi Madisi, kuli zigwa ndi madambo. Kum'mawa, cha ku Dowa boma, Mvera ndi nkhalango ya Ntchisi, kuli mapiri ndi zitunda zotsetserekera ku Salima ndi Nkhotakota. Anthu amalima chimanga, fodya, mtedza ndi soya, ndipo malo odyetsera ziweto ndi ochepa chifukwa minda inafika mpaka m'mbali mwa mapiri. Mbuzi zambiri ndi zamakolo, zazing'ono thupi, zimene zimatha kutenga bere mwezi uliwonse pachaka.

Kuyambira mbewu zikamera mu Disembala mpaka kukolola, mbuzi zimamangiriridwa pachingwe kapena kuwetedwa ndi ana kuti zisalowe m'minda ya eni. Zikamasulidwa cha mu Meyi kapena Juni zimapeza mapesi, masangwi a mtedza ndi zotsalira za soya, zimanenepa, ndipo zimakumana ndi atonde momasuka. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Mkota wokweredwa pakati pa Juni umaswa pakati pa Novembala, ndipo masabata ake 6 omaliza amagwera mu Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala. Imeneyi ndi nthawi imene mapesi atha kapena apsa ndi moto wolusa, udzu wauma n'kutsala mapuloteni ochepa zedi, ndipo madzi ali kutali. Nyama imayenda mtunda wautali m'zitunda kufuna chakudya, n'kumawononga mphamvu yomwe ikuisowayo.

Mkota wokweredwa mu Seputembala kapena Okutobala umakumana ndi vuto lamtundu wina. Umaswa mu Febuluwale kapena Malichi, dziko lili lobiriwira, koma iwo uli pachingwe. Umadya pokhapo pamene chingwe chafika. Mvula ikagwa tsiku lonse mbuzi sizidya, chifukwa zimadana ndi kunyowa, ndipo masiku ena zimatulutsidwa m'khola mochedwa anthu atachoka kumunda. Msipu wa dzinja uli ndi madzi ambiri, umadzaza mimba yopanikizika kale usanapereke mphamvu zokwanira. Njoka za m'mimba nazo zimachuluka nyengo yomweyi. Madeya amasowa, popeza m'miyezi ya njala imeneyi anthu nawonso amawafuna. Mbuzi ya bere ikhoza kufa ndi njala pakati pa msipu.

Kuzizira kumawonjezera. M'madera okwera a Ntchisi ndi Dowa usiku wa mu Juni ndi Julayi umazizira kwambiri, ndipo nyama imawotcha mafuta ambiri kuti itenthe thupi.

Mbuzi zamakolo zinazolowera kunenepa ndi kuwonda motsatira nyengo, ndipo zambiri zimadutsa nthawi zovutazi popanda kudwala moonekera. Mtengo wake umalipiridwa mwakachetechete: ana obadwa ochepa thupi, mkaka wochepa, ndi mayi wochedwa kutenganso bere. Ngozi imakula mwa mikota yokalamba yogulula mano, ya mapasa kapena ana atatu, komanso mwa yokweredwa ndi atonde a mtundu waukulu monga Boer, chifukwa ana ake amakhala aakulu poyerekeza ndi thupi la mayi.

Matenda a maketoni mwa mbuzi ndi nkhosa

Matendawa m'Chingerezi amatchedwa pregnancy toxaemia, ndipo alimi a nkhosa ku Britain amawatchula ndi dzina lotanthauza matenda a mapasa. Sapatsirana. Amabwera m'masabata 4 mpaka 6 omaliza a bere, ndipo amagwira magulu awiri osiyana: nyama zowonda zimene zilibe chodya, ndi nyama zonenepa kwambiri zimene zasiya kudya mwadzidzidzi. Gulu lachiwirili limadabwitsa alimi ambiri, chifukwa mbuzi yonenepa imaoneka ngati yotetezeka. Koma mafuta a m'mimba amapanikizanso chifu, ndipo nkhokwe ikakhala yaikulu, mafuta amene amakhuthukira m'chiwindi amakhalanso ambiri. Kuiyendetsa ulendo wautali, kuitsekera tsiku lonse osadya, kupweteka kwa ziboda kapena kusintha chakudya mwadzidzidzi kukhoza kuyambitsa matendawa.

Poyamba nyama imatsalira m'mbuyo mwa zinzake ndipo imakana madeya. Kenako imaima yokha mutu uli pansi kapena utapenya kumwamba, imakukuta mano, imanjenjemera milomo, imayenda mwadzandidzandi, ndipo imaoneka ngati yakhungu ngakhale maso ali otsegula. Miyendo ya mbuzi imatha kutupa. Mpweya wa m'kamwa nthawi zina umanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, lomwe ndi fungo la acetone, ngakhale si anthu onse amene mphuno zawo zimalimva. Patapita masiku ochepa imagona osadzukanso. Ana akafera m'mimba, mayi amatha kuoneka ngati wapezako bwino kwa kanthawi, kenako n'kufa ndi poizoni wa ana owolawo.

Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda ena. Kuchepa kwa kashiamu m'magazi kumagwetsanso nyama ya bere, ndipo kawirikawiri mavuto awiriwa amabwera limodzi. Heartwater, matenda ofala ndi nkhupakupa, amasokonezanso ubongo koma amatenthetsa thupi kwambiri, zomwe matenda a maketoni sachita. Chiwewe nacho chiyenera kuganiziridwa, ndipo munthu asalowetse dzanja m'kamwa mwa nyama imene ikuchita zachilendo mlangizi wa ziweto asanaione.

Ng'ombe, abulu ndi nkhumba

Ng'ombe nthawi zambiri imabereka mwana mmodzi, choncho vuto lake lalikulu limabwera itaswa, mkaka ukayamba kutuluka. Masabata 3 isanaswe ndi masabata 3 itaswa ndiyo nthawi yoopsa. Ng'ombe zamakolo za Malawi Zebu zimatulutsa mkaka wochepa ndipo sizidwala kawirikawiri. Zimene zimavutika ndi za mkaka zoweteredwa m'khola, za magazi a Friesian kapena Jersey, zimene alimi a m'magulu ogulitsa mkaka amadyetsa nsenjere ndi madeya. Mlimi akainenepetsa kwambiri pa nthawi imene yasiya kukamidwa, ikaswa imadya mochepa, mafuta amakhamukira m'chiwindi, mkaka umatsika, nsengwa imatha kuchedwa kutuluka, ndipo imachedwa kutenganso bere.

Abulu ali ndi vuto lotsutsana ndi la mbuzi. Chiwindi chawo n'chachangu potumiza mafuta m'magazi, moti bulu wa bere akasiya kudya kwa masiku ochepa, triglyceride amachuluka mpaka madzi a m'magazi amaoneka ngati mkaka akaikidwa m'botolo loyezera. Matendawa amapha abulu ambiri mwa amene awadwala. Bulu wokoka ngolo amene ali ndi bere lalikulu akakana chakudya afunika kuonedwa tsiku lomwelo.

Nkhumba sizidwala maketoni kawirikawiri chifukwa zimalandira shuga mwachindunji kuchokera ku chakudya. Mbira zoweta ndi akalulu onenepa amadwala.

Kuyeza

Magazi amayezedwa mu milimolo pa lita. Mwa nkhosa ndi mbuzi za bere, BHB wosafika 0.8 amasonyeza kuti nyama ikudya mokwanira. Pakati pa 0.8 ndi 1.6 ndiye kuti chakudya chikuperewera, ndipo nyama zimene zikuonetsa matenda nthawi zambiri zimapitirira 3.0. Mwa ng'ombe ya mkaka, NEFA wopitirira 0.3 kapena 0.4 isanaswe ndi chenjezo, ndipo BHB wa 1.2 kapena kuposerapo itaswa amatengedwa ngati matenda obisika. Timakina ta m'manja toyezera maketoni mwa anthu odwala shuga timagwiranso ntchito ndi dontho la magazi a chiweto, ndipo pali timapepala toviika mu mkodzo. Kuyeza kwakuya kumachitikira m'malabotale monga Central Veterinary Laboratory ku Bwemba mu Lilongwe, ndipo madokotala a ziweto amaphunzitsidwa ku LUANAR, ku Bunda.

Kumudzi chida chodalirika ndi dzanja. Njira yopima kunenepa popapasa msana inayambira ku Australia mu 1961 ndipo inakonzedwanso ku Scotland mu 1969. Munthu amagwira pamsana pa nyama, kuseri kwa nthiti yomaliza, n'kupereka nambala kuyambira 1 mpaka 5. Pa 1 mafupa amabaya zala, pa 5 samveka n'komwe. Nyama ya bere iyenera kukhala cha pa 3. Mwa mbuzi ndi bwino kugwiranso pachifuwa, chifukwa mbuzi imabisa mafuta ambiri m'mimba osati kunsi kwa chikopa. Kuyang'ana ndi maso kokha kumanyenga, poti mimba yaikulu ya bere imabisa kuwonda.

Chithandizo ndi kapewedwe

Nyama imene ikadali chiimire ndipo ikudyako pang'ono ikhoza kuchira. Imene yagona kale nthawi zambiri imafa ngakhale ilandire mankhwala. Mankhwala odziwika ndi propylene glycol womwetsa, amene chiwindi chimamusandutsa shuga. Nkhosa yaikulu imapatsidwa mamililita 60 kawiri patsiku kwa masiku ochepa, ndipo mbuzi yamakolo imafuna wocheperapo malinga ndi kulemera kwake. Shuga wa mu tiyi kapena molasesi amathandizako poitsitsimula kuti iyambe kudya, koma ambiri mwa iye amafufumitsidwa m'chifu asanafike m'magazi. Dokotala amatha kubaya gulukosi ndi kashiamu, kupereka jakisoni woti iswe msanga, kapena kuchita opaleshoni yochotsa ana. Ana ochotsedwa kutatsala masiku oposa 7 kuti nthawi ikwane sakhala moyo kawirikawiri, choncho mlimi amayenera kusankha pakati pa mayi ndi ana.

Kupewa kumayamba pokolola. Masangwi a mtedza ndi zotsalira za soya zikaumitsidwa pamthunzi n'kusungidwa pa thandala zimakhala ndi mapuloteni ambiri kuposa mapesi, ndipo zikasiyidwa m'munda zimatha mu Julayi, nthawi imene ziweto sizinayambe kuvutika. Zipatso za msangu zimagwa m'chilimwe ndipo mbuzi zimazikonda. Masamba a lukina ndi gilisidiya amathandiza akasakanizidwa ndi udzu. Madeya ayambe kuperekedwa masabata 6 nyama isanaswe, kuyamba ndi dzanja limodzi n'kumawonjezera pang'onopang'ono, m'mawa ndi madzulo. Kuipatsa madeya kapena chimanga chambiri nthawi imodzi kumasasitsa chifu ndipo kumapha msanga kuposa matenda amene mlimi amafuna kupewa. Mikota ya mimba zazikulu idyere payokha kuti zamphamvu zisailande, imangiriridwe pa msipu watsopano kawiri patsiku, ipatsidwe madzi, ndipo imwetsedwe mankhwala a njoka oyenera nyama za bere. Kulemba tsiku limene nyama yakweredwa kumathandiza kudziwa pamene masabata 6 aja ayambira.

Mafuta a mwana wobadwa kumene

Popeza mafuta sadutsa bwino pa nsengwa ya ziweto, ana ake amabadwa owonda. Mwana wa munthu amabadwa ndi mafuta pafupifupi magawo 15 pa 100 a thupi lake. Mwana wa nkhosa amakhala ndi magawo pafupifupi 3, ndipo wa nkhumba safika ngakhale magawo 2. Mafuta ochepa a mwana wa mbuzi kapena nkhosa ndi amtundu wapadera, ofiirira, okhala kuzungulira impso, ndipo ntchito yake ndi kutulutsa kutentha m'maola oyamba. Ana a nkhumba alibe mafuta ogwira ntchito imeneyi, n'chifukwa chake amaunjikana pamodzi ndipo amafa msanga ndi kuzizira.

Mu 1948 L. R. Wallace, akugwira ntchito ku Cambridge, anaonetsa kuti chakudya cha nkhosa m'masabata omaliza a bere ndicho chimalamula kulemera kwa ana pobadwa komanso kukula kwa mawere a mayi. Mwana wa mbuzi yamakolo amabadwa ndi makilogalamu pafupifupi 2. Wa mayi wanjala amabadwa wocheperapo, mafuta ake ofiirira ali ochepa, ndipo amapeza mkaka woyamba wachikasu uja uli wosakwanira. Akabadwa usiku wa mu Juni m'khola la m'mwamba lolowa mphepo kunsi, kapena m'matope a mu Febuluwale, mafuta akewo amatha m'maola ochepa. Ayenera kupukutidwa, kutetezedwa ku mphepo, ndi kuyamwa m'maola awiri oyamba, ngakhale zitafunika kumukamira m'kamwa.